Funsani Malume Bezi: chimbale ndijambula ndekha, nanga ndikachiyimbira kuti?

Moni nonse okonda tsamba lino. Mwezi uno makalata ambiri agwera pa nkhani imodzi, ya oyimba omwe alibe kampani kapena bwana wowagwira pamkono ndipo chilichonse akuzipangira okha. Ndasankhapo asanu. Ena ndawadulako chifukwa anali ataliatali ngati ulaliki wa usiku wolowera chaka, mundikhululukire. Amene munatumiza mavoisi a mphindi 9 aja ndamvera ndithu, koma chonde muzilemba.

FUNSO: Malume, ine ndi mnyamata wa zaka 24, ndimakhala ku Chilinde. Ndimayimba afro koma ndimathiramo ka manganje. Ndakhala ndikusunga ndalama za geni yanga yokonza mafoni ndiye pano zakwana K700,000, ndikufuna nditulutse chimbale cha nyimbo 14 mu Disembala ndikachikhazikitse pa holo yayikulu mtauni. Palibe lebo (kampani yotulutsa nyimbo) yomwe yandisaina nde ndati ndingozipangira ndekha. Anzanga onse akuti nyimbo zanga ndi moto. Ndiyambire pati?
Wokonza mafoni, Lilongwe

YANKHO: Mphwanga, poyamba ndikuyamikire kuti ndalamazo ndi za thukuta lako, sunapite kukatenga katapila. Koma ndikufunse kaye funso lomwe anzakowo sangakufunse: kupatula iwowo ndi achemwali ako, ndani anayimapo patsogolo pako nkukumvera ukuyimba mpaka nyimbo kutha? Ngati ungawerenge anthu 50 osakudziwa, tipitirize nkhani ya holo. Ngati ayi, khala pansi ndikuuze za makatoni anga.

Ine nthawi ina ndinali mu kabandi ka anthu asanu, ndinkagwira bezi. Tinajambula chimbale, tinasindikiza ma CD 500, tinabwereka holo, tinamata mapositala mmitengo yonse ya mmbali mwa msewu mpaka zala kununkha phala la ufa wa chinangwa lomwe tinkamatira. Tsiku litafika tinayala mipando 300. Nthawi ya 2 koloko yomwe tinalemba pa positala inakwana muli anthu 7, pomwe imati 4 koloko tinali 23, ndipo mwa 23 amenewo 11 anali abale athu omwe analowa ulere chifukwa wa pageti analinso msuweni wathu. Tili pa nyimbo yachitatu magetsi thii, jenereta inalipo koma mafuta tinali titagula a malita awiri basi poganiza kuti sizingachitike. Mpaka lero ndimakumbukira phokoso la mipando ya pulasitiki ija tikuisanjikiza madzulo, palibe woyankhula ndi mnzake. Ma CD aja katoni imodzi inakhala pansi pa bedi zaka, ina mayi akunyumba anaipereka kwa ana azikoloweka mmunda kuopsezera mbalame. Ndipo chimbalecho sichinali choipa ayi, chinali bho. Vuto linali loti tinapangira anthu omwe tinali tisanawapeze.

Zoti palibe lebo yakusaina zisakudetse nkhawa, kuno kwathu oyimba ambiri omwe timawalemekeza sanadikire lebo. Alleluya Band inayambira pa parishi ku Balaka mu 1978, a Paul Banda nkudzatsegula situdiyo yawo ya IY komweko, ndipo mayimbidwe a ku Balaka anafalikira dziko lonse kuchokera mkatauni kameneko. Malemu Lucius Banda anadzayambitsa Zembani mu 1997 nkumazungulira nayo dziko. A Black Missionaries ndi a ku Chileka ndipo mpaka lero mphamvu yawo ili pa msewu, Lachisanu kuno Loweruka uko. Chomwe chinasintha ndi ichi: nthawi ya makaseti kunali wogula. Munthu unkanyamula masitala, kope yomaliza ya nyimbo zako, kupita kwa O.G. Issa ku Limbe, akakonda ankasindikiza nkumwaza makaseti mmisika yonse, ndiye nyimbo 10 kapena 12 pa kaseti zinali ndi tanthauzo chifukwa wogula ankafuna mbali A ndi mbali B zodzadza. Lero iwe mwini ukudziwa kuposa ine, umakonza mafoni: munthu amabwera ndi memori khadi kwa obena nyimbo nkuti mundiikire zatsopano, salipira chimbale cha munthu mmodzi, amalipira kudzadza khadi. Pa nyimbo zako 14 adzasunga imodzi, mwina ziwiri.

Ndiye ndikanakhala iwe ndalamayo ndikanaigawa chonchi. Jambula nyimbo zinayi kapena zisanu zokha, zomwe ukaziyimba ndi gitala yokha kapena kuombera mmanja zimayimabe. Zotsalazo usunge, sizivunda. Ndalama ina ipite ku mapulakatisi ndi anyamata awiri atatu oyimba zida, ina ku thiransipoti yopita kulikonse komwe angakupatse maiki, ina kavidiyo kamodzi kooneka bwino. Holo yayikulu idikire. Komanso Disembala amaoneka wokoma pa pepala koma ndi mwezi umene akuluakulu onse ali ndi mashoo, mvula ili mkati, ndipo ndalama za anthu zathera ku feteleza ndi za Khirisimasi. Miyezi ya pambuyo pokolola anthu amakhala ndi kangachepe mthumba ndipo kunja kumakhala kouma, ungathe kuyimbira panja opanda kubwereka denga.

Ku situdiyo usakapite ngati mlendo wopempha madzi. Mugwirizane musanayambe kuti mtengowo ukuphatikiza chani, kujambula kokha kapena mpaka mikisi (kusakaniza bwino mawu ndi zida) ndi masitala, ndipo ukamati pakonzedwe apa akonza kangati. Biti ndi ya ndani? Ili ndi funso lomwe ladanitsa anthu ambiri, pulodyusa amakupatsa biti lero, mawa waimva pa wailesi akuyimbira wina, ndipo sungalankhule kanthu chifukwa munangogwirana chanza. Lembani olo pa pepala la mkope, nonse musaine, ujambule ndi foni. Pomaliza utenge mafayilo ako onse, osati MP3 yokha ayi, utenge WAV, fayilo yaikulu yosunga nyimbo mmene inajambulidwira, komanso zidutswa zonse payokhapayokha, mawu paokha ng'oma pazokha, chifukwa makompyuta a mmasitudiyo amafa ndipo amafa ndi nyimbo za anthu. Ndipo mikisi usaivomereze uli mkati mwa situdiyo momwe masipika ake amakometsa chilichonse. Kaimvere pa foni ya mabatani, pa kasipika ka bulutufu ka pa shopu yako, ngati kondakitala ndi mnzako umupemphe aiike mu minibasi ya ku Kawale. Mawu akamveka pamenepo ndiye kuti yapsa.

Usadandaule kuti situdiyo yako si ya mamiliyoni. Chimbale cha Zomba Prison Project chinajambulidwa mkati mwa ndende ndipo chinafika posankhidwa nawo pa mphoto za Grammy za 2016.

FUNSO: Malume ndine mtsikana, ndili pa koleji ku Zomba. Nyimbo zanga zitatu zatha kujambulidwa. Ndikufuna zikhale pa Spotify ndi Apple Music ngati za anzathu akunja koma sindikudziwa kuti amaziika bwanji, ndipo kodi ndalama zake zimabwera zingati? Mnzanga wina akuti ndimupatse K50,000 andiikira pa akaunti yake.
Nachisale, Zomba

YANKHO: Mwana wanga, K50,000 imeneyo igwire kaye. Nyimbo ikakwera kudzera pa akaunti ya mnzako, ndalama zonse ndi chilolezo choichotsa kapena kuisintha zimakhala mmanja mwa mnzakoyo. Lero mukumwera limodzi tiyi, chaka chamawa mwayambana kapena wapita ku Joni wasintha nambala, nyimbo yako yatsala ngati mbuzi yomangidwa pa khola la eni.

Mmene zimayendera ndi chonchi. Spotify ndi Apple Music salandira nyimbo kuchokera kwa woyimba mwachindunji, pamakhala kampani yapakati yomwe imazitumiza kumeneko, monga DistroKid, TuneCore kapena CD Baby. DistroKid umalipira pachaka, CD Baby umalipira kamodzi pa chomwe watulutsa iwo nkumadulako pa zomwe wapeza. Umatsegula akaunti mdzina lako ndi imelo yako, umakweza WAV, chithunzi cha pachikuto, mayina a olemba nyimbo, ndipo nyimbo iliyonse imapatsidwa nambala yake yotchedwa ISRC, ili ngati chiphaso cha nyimboyo, uisunge pabwino. Chovuta kwa ife ndi choti malipirowo ndi a madola ndipo amafuna khadi ya ku banki yotha kulipira pa intaneti, ndiye ndi mmene kwacha inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 muja komanso kusowa kwa ndalama zakunja, apa mpomwe ambiri amakakamira. Ngati ufuna thandizo la m'bale wakunja, iye angolipira ndi khadi yake koma akaunti ikhale yako. Ufufuzenso usanalipire kuti ndalama zako zidzakufika bwanji kuno, si njira zonse zomwe zimagwira ku Malawi. Ndipo usakweze lero kuti ituluke mawa, ipatse masabata atatu kapena anayi, chifukwa Spotify imafuna masiku osachepera 7 kuti uipereke kwa akonzi a mapuleyilisiti awo isanatuluke.

Tsono za ndalama, ndisakunamize. Spotify inafika ku Malawi mu 2021, koma munthu akamvera nyimbo yako kamodzi zomwe umapeza sizikwana olo senti imodzi ya ku America, ndipo zimatengeranso dziko lomwe womverayo ali. Kuyambira 2024 anaikanso lamulo loti nyimbo yomwe sinamveredwe ka 1,000 pa miyezi 12 siilandira kanthu. Ndiye ziike ndithu, ndi pofunika, wokonza chikondwerero wa ku Nairobi kapena London akamva dzina lako amayamba kukusaka kumeneko, koma uziwerenge ngati chikwangwani cha pa shopu, osati ngati kabati ya ndalama. Anthu ako enieni ali pa WhatsApp, pa TikTok, pa Facebook, pa Audiomack ndi Boomplay, ndi pa masamba athu ngati Malawi-Music.com, komwe kabandulo ka tsiku limodzi kamakwanira. Ndipo usanyoze mawailesi a mmadera. Aliyense amathamangira MBC Radio 2, Zodiak ndi Times, pomwe Dzimwe ku Mangochi kapena Mudzi Wathu ku Mchinji woulutsa amatha kukulandira bwinobwino nkucheza nawe theka la ola.

Chinthu chomwe ndikufuna uchite sabata ino ndi cha COSOMA, bungwe loteteza umwini wa zaluso kuno ku Malawi. Bungweli lilipo kuyambira 1992 ndipo pano likuyendera lamulo la umwini wa zaluso la 2016. Nyimbo ndi yako kuyambira tsiku lomwe unaipeka, koma ndalama zomwe iwo amatolera ku mawailesi, malo achisangalalo, ndi zija za msonkho wa pa zipangizo zosungira nyimbo monga mafoni ndi mafulashi, amagawira amene analembetsa ntchito zawo. Osalembetsa palibe chako. Polembetsa ulembe zoona za amene analemba mawu, amene anapeka nyimbo ndi gawo la aliyense, ngakhale akhale chibwenzi chako. Makamaka akakhala chibwenzi chako.

FUNSO: Malume Bezi, ndasamukira ku Blantyre kuchokera ku Rumphi chifukwa cha ntchito, ndikukhala ku Chirimba. Kwathu ndinkayimba gitala mmaukwati ndi ku tchalitchi ndipo anthu ankandidziwa, kuno sindidziwa aliyense. Ndili ndi kachimbale ka nyimbo 6 komwe ndinajambula ndekha. Ndapita malo awiri kukapempha kuyimba, amodzi anandiuza kuti bwana kulibe, ena anati ndibwere ndi anthu anga ndipo sandilipira koma ndidziwika. Kodi oyimba laivu amakumana kuti mtauni muno?
Mlendo ku Chirimba

YANKHO: Achimwene, takulandirani ku Kabula. Bwana analipo, ndi amene anakuuzani kuti bwana kulibe uja.

Cholakwika chomwe munachita, ndipo tonse tinachitapo, ndi kupita kukapempha siteji tsiku loyamba. Malo oyimbira ali ngati mudzi, mlendo safika nkupempha munda tsiku lomwelo, amayamba waoneka pa maliro ndi pa zitukuko. Pitani kaye ngati womvera. Jacaranda Cultural Centre akhala akuchititsa madzulo a nyimbo za zida zosaphokosera otchedwa Sounds of Malawi, ndipo munthu wa gitala ngati inu kumeneko ndi kwanu. Ku KwaHaraba kumasonkhana alakatuli ndi oyimba. Kuli Mibawa, kuli Blantyre Cultural Centre yomwe akuluakulu timaitchulabe kuti French, kuli Robin's Park ndi Comesa za mashoo akuluakulu. Malo amatsekedwa ena nkutsegulidwa, mapulogalamu amasintha, ndiye muziyang'ana masamba awo a pa Facebook musanakwere minibasi. Koma musaiwale kuti nyimbo zambiri za laivu mdziko muno sizichitikira malo a mayina ayi, zimachitikira mmatchalitchi Lamulungu masana, mmaukwati ndi mzinkhoswe, mmalo omwera a ku Ndirande, Bangwe ndi Machinjiri komwe bandi imayamba 9 koloko usiku, ndi mmahotela momwe amafuna munthu mmodzi woyimba chapansipansi anthu akudya.

Chinsinsi changa nachi, chaulere. Shoo ikalembedwa kuti iyamba 7 koloko, inu fikani 4 koloko nthawi yoyesa zida. Muona anyamata akutsitsa masipika mu lole, wina wagwada akulumikiza mawaya ndi tepi yakuda, wa kiyibodi akuzungulira kufunsa amene ali ndi adaputala, wa ng'oma akumenya ya phazi du, du, du kwa mphindi 10 pomwe wa pa mikisa akukuwa kuti bwerezanso. Gwirani mbali imodzi ya sipika. Musatchule za chimbale chanu. Mukachita zimenezi katatu, wa pa mikisa uja adziwa dzina lanu, ndipo mtauni muno palibe munthu wodziwa zambiri kuposa wa pa mikisa: amadziwa bandi yomwe gitala wake wathawa, malo omwe akufuna woyimba Lachinayi, ndi pulomota amene salipira. Manejala wa malo amasintha chaka chilichonse koma anyamata a zida ndi omwewomwewo, lero ali ku Motel Paradise mawa ali ku ukwati ku Limbe.

Akadzakupatsani mpata wotsegulira shoo, mudzapeza anthu akadali ochepa, ena akukambirana za mpira chakumbuyo. Nyimbo zitatu basi, yoyamba ikhale yomwe akuidziwa kuti atembenuke, ziwirizo zanu, mutchule dzina lanu kawiri momveka, mutsike anthu asanatope. Oyimba atsopano ambiri amaphedwa ndi nyimbo yachisanu. Ndipo poti ndinu wa ku Rumphi, musabise Chitumbuka chanu poganiza kuti kuno sichiyenda. Malemu Wambali Mkandawire anayimba mu Chitumbuka mpaka kutchuka kunja kwa dziko, ndipo mu Blantyre muno a kumpoto ndi ambiri omwe akamva vimbuza pa gitala amadzuka pampando. Amenewo ndiye anthu anu oyamba, kawapezeni ku tchalitchi ndi mmagulu awo a pa WhatsApp.

Za kuyimba ulere kuti mudziwike, maganizo anga ndi awa ndipo ena atsutsa. Ulere ulipo wabwino ndi woipa. Ngati pali anthu omwe sakanakumvani mwanjira ina, ngati zida ndi zabwino ndipo wina akujambulani kavidiyo, yimbani, mwalipidwa mnjira ina. Koma malo omwe akuti mubwere ndi anthu anu, anthu anuwo agule zakumwa, inu mubwerere wapansi ku Chirimba usiku, pamenepo odziwika ndi eni malowo osati inu. Pang'ono pokha nenani kuti thiransipoti ndi chakudya, ndipo kachiwiri mukambirane za geti kapena ndalama yokhazikika. Mulole anthu azifupa, muike nambala ya Airtel Money ndi Mpamba pa kachikwangwani patsogolo, manyazi pa ndalama sanathandizepo woyimba.

Zikondwerero ziikeni pa kalendala koma musaziyese khomo loyamba. Lake of Stars inayambira ku Chintheche mu 2004, Blantyre Arts Festival mu 2009, Sand Music Festival mu 2010, ndipo Tumaini ya ku Dzaleka ku Dowa, yomwe anayambitsa Menes La Plume mu 2014, kulowa kwake ndi kwaulere ndipo ndi malo abwino kwambiri okumanirana ndi oyimba a mitundu yosiyanasiyana. Okonza zikondwerero akaitana ofuna kuyimba chomwe amafuna kuona ndi vidiyo yoti mukuyimba pamaso pa anthu, osati ija yovina pafupi ndi galimoto yobwereka. Taonani a Madalitso Band, anthu awiri, babatoni wopanga okha, gitala ya zingwe zinayi ndi ng'oma ya phazi. Anayimba mmisewu ya Lilongwe zaka zambiri anthu akuwadutsa, mu 2017 anakayimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar, kenako Ulaya anawatsegukira. Pomwe mwayi unkawapeza nkuti nyimbo zawo zitapsa kale ndi dzuwa la mumsewu, panalibe choti akaphunzire pa siteji.

Mukadzapita ku Lilongwe mukayendereko ku Music Crossroads ku Area 23, achinyamata ambiri ogwira zida mmabandi a mumzindawo anadutsa kumeneko.

FUNSO: Malume, ndine mayi wa ana atatu ndipo ndimatsogolera kagulu ka amayi 8 oyimba nyimbo zauzimu ku Kasungu. Chimbale tajambula ndi ndalama za banki mkhonde. Tikufuna kuchikhazikitsa koma tikuopa kuluza chifukwa ngongoleyo ikutidikira. Tichite bwanji kuti tsikulo libweze ndalama?
Mayi wa kwaya, Kasungu

YANKHO: Mayi, inu muli pabwino kuposa achinyamata onse alemba pamwambapa, chifukwa anthu muli nawo kale. Amayi 8 aliyense ali ndi mpingo, mvano kapena chigwirizano, abale ndi oyandikana nawo. Ntchito yanu ndi yoti anthuwo alipire tsiku lisanafike. Sindikizani matikiti a manambala, mayi aliyense atenge bukhu lake agulitse kwa masabata anayi, ndipo holo muisankhe molingana ndi matikiti omwe agulidwa, osati omwe mukulota. Holo yaying'ono yodzadza imaposa yayikulu ya mipando yopanda anthu, olo pa zithunzi.

Oyimba otchuka oti akuthandizeni musaitane asanu. Aliyense amabwera ndi thiransipoti, malo ogona ndi anthu ake ofuna kudya, mudzapezeka kuti geti yonse yathera alendo. Mmodzi akwana, ena akhale makwaya a konko omwe nawonso amabwera ndi owatsatira. Mlendo wolemekezeka musankhe amene amabweradi ndipo amapereka pompo, malonjezo a pa maiki ambiri amathera pa maiki pomwepo, ndiye pogulitsa CD yoyamba mopikisana mlembi akhale pambali ndi mbale komanso foni ya Mpamba. Ma CD musindikize ochepa, ambiri alibenso pomvetsera, onjezani mafulashi ndi mamemori khadi, ndipo za zomata za COSOMA pa zomwe mukugulitsa mukafunse ku ofesi yawo pamodzi ndi chilolezo cha shooyo. Mufunsenso za chilolezo cha a Censorship Board ndipo apolisi muwadziwitse nthawi ilipo, zisadzakupezeni tsiku lomwelo anthu atakhala kale pansi.

Pageti pasakhale m'bale wa aliyense wa inu. Pakhale anthu awiri ochokera mbali zosiyana, wina wolandira ndalama wina wong'amba tikiti, ndipo ndalama zizichotsedwa pa ola lililonse nkulembedwa. Jenereta ikhale yoyesedwa dzulo lake, mafuta odzadza ndi chigubu china pambali. Mwawerenga kale za malita anga awiri aja.

FUNSO: Malume, ndili ku Johannesburg chaka chachinayi, ndimagwira ntchito ya mmunda mwa azungu koma usiku ndimajambula nyimbo pa laputopu. Kodi ndibwerere kumudzi kuti ndikatchuke kapena ndiyesere konkuno? Komanso mungakhale manejala wanga? Ndakutumizirani nyimbo 22.
Mjoni wosatopa

YANKHO: Aise, ntchito usasiye. Kumene uliko kuli a Malawi ambirimbiri omwe ali ndi ma rand mthumba ndipo akusowa kwawo, nchifukwa chake oyimba a kuno amakwera basi kapena ndege kukawayimbira ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town. Iwe uli nawo pafupi ulere. Yamba ndi mipingo ya a Malawi, magulu a chithandizo cha pa maliro, mapwando a 6 Julaye, ndipo ukamva kuti woyimba wa kumudzi akubwera, saka amene akukonza shooyo umupemphe mphindi 10 zotsegulira. Mapepala ako okhalira mdzikomo akhale olongosoka usanayambe kuika nkhope yako pa mapositala. Nyimbo uzitumiza kumudzi pa WhatsApp kwa oulutsa mawu ndi ma DJ, imodzi imodzi, osati mtolo.

Za umanejala ndakana, ine ntchito yanga ndi bezi ndi tsamba lino, komanso pakadali pano palibe choti manejala ayendetse, angodya nawo za mmunda zakozo. Nyimbo 22 zija ndamvera zisanu ndi imodzi bandulo nkutha. Yachiwiri ija yonena za amayi ako akudikira basi pa Wenela ndi imene ili ndi moyo, koma mawu wawakwirira ndi otochuni, makina aja owongola mawu, mpaka ukumveka ngati uli mchitsime. Uijambulenso, uchepetse makinawo, vesi yachitatu uichotse, ndipo unditumizire imeneyo yokha.